KHUNGU LIFUNA MAFUTA CISANU CIKAFIKA KU KAVALAMANJA

Mvula ikatha m'mwezi wa April, cigwa ca Zambezi cimasintha nkhope. Udzu umauma, milambe imayoyola masamba, ndipo pofika June ndi July mphepo youma imaomba usana wonse ikuulutsa fumbi m'njira ndi m'mabwalo. Ku Kavalamanja, mudzi wa m'mbali mwa Zambezi m'dziko la Mfumu Mphuka, kumtunda kwa Boma la Luangwa limene kale linkachedwa Feira, anthu amailandira bwino nyengo imeneyi pakuti amapumako ku kutentha kumene cigwaci cimadziwika nako. Masau amapsa, madimba amabiriwira, ndipo nchito ya mphasa imayenda.

Dzina la Kavalamanja limamveka m'dziko lonse caka ciri conse m'mwezi wa March, pamene anthu amakumbukira amene anafa pa 6 March 1978, tsiku limene asilikali a Rhodesia anaukira malowa. Koma mudziwu uli ndi moyo wace wa masiku onse, ndipo m'moyo umenewo cisanu cimabwera ndi bvuto limene ambiri amaliyesa laling'ono: khungu kutuwa, milomo kung'ambika, manja kukhakhala ndi zidendene kucita mang'a. Msodzi amene citende cace cang'ambika mpaka kutuluka magazi sangaime bwino m'bwato. Mai amene zala zace zang'aluka sangaluke mphasa zokwanira kugulitsa. Mwana wokanda usiku wonse amawodzera m'kalasi. Ndipo mng'alu ukalowa dothi umasanduka cilonda cimene cingatengere banja ulendo ndi ndalama.

CIFUKWA CACE KHUNGU LIMAUMA

Pamwamba peni peni pa khungu pali kagawo kopyapyala koposa pepala. Kapangidwe kace kafanana ndi cipupa ca njerwa: pali tizidutswa touma tosanjikizana, ndipo pakati pace pali mafuta amene thupi limapanga lokha, ogwira nchito ya matope omangira. Mafutawo akakhalapo okwanira, madzi a m'thupi sathawa msanga ndipo tizilombo ta matenda timasowa polowera. Akacepa, cipupa cija cimacita ming'alu monga nyumba imene yakhala zaka zambiri osamatidwa. Thupi limasintha kagawo kameneka pafupi-fupi milungu 4 iri yonse, ndiye cifukwa cace khungu loonongeka siliciritsika tsiku limodzi.

Boma la Luangwa liri m'cigawo ca Zambia cimene cimalandira mvula yocepa, yosafika mamilimita 800 pa caka, ndipo kuyambira May mpaka October mvula simagwa kweni kweni. Mpweya wouma umamwa cinyontho pali ponse pamene ungacipeze: pa zobvala zoyanikidwa, pa nsomba za pathandala, ndi pa khungu la munthu. Mphepo ikamaomba, kuumako kumafulumira. Pa khungu lakuda tizidutswa touma tija timaoneka msanga, ndipo ndiko kutuwa kumene ana amasekana nako kusukulu.

Palinso zina zimene anthu amaonjezera okha mosadziwa. Kukazizira, munthu amafuna madzi otentha kwambiri, koma madzi otero amasungunula mafuta a pakhungu monga momwe amacotsera mafuta m'mbale. Sopo wocapira zobvala, wamtanda kapena waufa, anapangidwa kuti acotse mafuta ndi litsiro m'nsaru, ndipo akamsambira amacita comweco pa thupi. Kuotha moto pafupi kwambiri kumaumitsa miyendo ndi kusiya mawanga akuda aja a mbala pa misongolo. Nchito za nyengo yino nazo siziumvera cisoni manja. Wodula bango amacekeka, wothirira dimba amanyowa ndi kuuma kambiri pa tsiku, ndipo wotumbula nsomba ndi kuzithira mcere amakhala ndi manja olumaluma pofika madzulo.

Amene amabvutika koposa ndi makanda, pakuti khungu lao ndi lanthete, ndi okalamba, pakuti thupi likakula limacepetsa kupanga mafuta. Palinso anthu amene anabadwa ndi khungu losacedwa kuyabwa, maka-maka ana a cikanga, amene amacita zidzolo m'mapindiko a mikono ndi kuseri kwa maondo.

MAFUTA ODZOLA SALI AMODZI

Makolo akale a m'cigwa cino sanali kudikira sitolo. Anali kukazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa kufikira mafuta atayandama, ndipo mafutawo anali kudzola akulu ndi ana omwe. Mtengo wa msikizi, umene umakonda kumera m'mbali mwa mitsinje, uli ndi njere za mafuta ambiri, ndipo anthu a ku Mozambique akali kuyenga mafuta ace odzola ndi opangira sopo. Masiku ano ngakhale njere za malambe zimayengedwa ndi makina, mafuta ace nkumagulitsidwa m'mizinda ya kutali pa mtengo wokwera. Nzeru ya makolo inali yoona, cokhaco ncakuti njere za nsatsi ndi makoko a njere za msikizi ziri ndi ululu woopsa ngati munthu azidya, motero ziyenera kusungidwa kumene ana sangafike.

Mafuta a m'sitolo angagawidwe m'magulu atatu, ndipo wogula akadziwa nchito ya gulu liri lonse sataya ndalama zace.

Gulu loyamba ndi la mafuta olimba amene amatseka khungu kuti madzi asathawe. Wodziwika kwa onse ndi Vaseline. Mwini wace, Robert Chesebrough wa ku America, anaona m'caka ca 1859 kuti anchito a pa zitsime za mafuta ku Titusville anali kupaka phula lina la m'makina pa mabala ao. Iye analiyeretsa, ndipo mu 1872 analandira cikalata ca boma comteteza pa nchitoyo. Kufikira lero madokotala a khungu amawerengera mafuta a mtundu umenewu pakati pa abwino koposa pa khungu louma, pakuti amatsekereza pafupi-fupi madzi onse amene akanathawa, sacedwa kupezeka, ndipo ngati alibe zonunkhiritsa sayabwa kawiri-kawiri. Mafuta a nsatsi, a msikizi ndi a mpendadzuwa nawonso amathandiza mwa njira yomweyi, ngakhale mphamvu yace siifika pa Vaseline.

Gulu laciwiri ndi la mankhwala okoka madzi ndi kuwasunga m'khungu. Pamenepa pali glycerine, amene katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anamtulukira mu 1779. Glycerine payekha amanata ndipo kwa ena amalumaluma pa ming'alu, motero ndi bwino kumsakaniza ndi madzi oyera pang'ono pa cikhatho kapena ndi mafuta ena, kenaka kupaka Vaseline pamwamba. M'gulu lomweli muli mafuta a zidendene okhala ndi urea, amene amafewetsa cikopa cokhuthala. Alimi asasokonezeke ndi dzinali: urea wa m'thumba la feteleza ndi wa cimanga, sayenera kuikidwa pa thupi.

Gulu lacitatu ndi la mafuta amadzi-madzi a m'mabotolo. Awa ndi madzi osakaniza ndi mafuta pang'ono. Amalowa msanga ndi kununkhira bwino, koma pa cisanu ca kuno amauma dzuwa lisanafike pamutu. Amayenera nyengo yotentha, ndipo mwa mafuta onse ndiwo amakhala ndi zonunkhiritsa zambiri zimene zimayabwitsa khungu lanthete.

Pali mafuta ena oyera a m'zitini ochedwa aqueous cream, amene amapezeka m'masitolo a mankhwala. M'caka ca 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain linacenjeza kuti mafutawa angathe kufiiritsa ndi kuyabwitsa khungu ngati asiyidwa pathupi, maka-maka kwa ana a cikanga, cifukwa muli mankhwala ena a mtundu wa sopo. Nchito yace yabwino ndiyo kusambira m'malo mwa sopo ndi kuwatsuka pambuyo pace.

KADZOLEDWE KOYENERA

Cinsinsi cacikuru ciri pa nthawi yodzolera. Mafuta olimba sabweretsa madzi m'khungu, amangosunga amene alimo. Wodzola thupi litauma kale gwa amangowala pamwamba, m'kati muli mouma. Munthu akatuluka m'bafa ayenera kudzipukuta mopepuka, osakhula, ndi kudzola pomwepo thupi likali lonyowa pang'ono. Madzi osamba akhale ofunda cabe, kusamba kukhale kwa kanthawi kocepa, ndipo sopo apite m'khwapa, m'mphecepece ndi kumapazi, osati kuthobvetsa thupi lonse tsiku ndi tsiku. Kusambira kunyumba ndi madzi otungidwa kuposa kusamba kudooko, kumene mphepo imaumitsa thupi munthu asanabvale, ndiponso kumene kuli ng'ona ndi likodzo.

Pa cisanu kudzola kamodzi sikukwanira. M'mawa ndi madzulo ndiye muyeso wabwino, ndipo manja adzoledwe nthawi iri yonse munthu akamaliza kucapa, kutsuka mbale kapena kukonza nsomba. Msodzi ndi wothirira dimba angadzole manja ndi mapazi asanayambe nchito, kuti madzi apeze khungu litabvala kale. Milomo ikauma siyenera kunyambitidwa, pakuti malobvu akauma amasiya milomo yong'ambika koposa poyamba. Kadontho ka Vaseline kamakwanira.

Amene khungu lace silicedwa kuyabwa asathamangire kudzola thupi lonse mafuta acilendo. Ayambe wapaka pang'ono m'kati mwa mkono kwa masiku awiri kapena atatu. Pakafiira, kutupa kapena kuyabwa, mafutawo si ace. Mafuta okazingira kale nsomba kapena zitumbuwa sayenera pathupi, pakuti ali ndi mcere ndi zopserera, ndipo amaitana nyerere usiku. M'banja, wotapa mafuta m'citini asambe m'manja poyamba kapena atapire ndi kasupuni koyera, kuti matenda a mmodzi asalowe m'citini ca onse.

MANG'A A KUMAPAZI

Citende cimasenza thupi lonse, ndipo cikopa cace cikauma ndi kukhuthala cimang'ambika monga dothi la padambo m'mwezi wa October. Mapatapata amateteza phazi ku minga koma amasiya citende pa mphepo ndi fumbi. Njira yociritsira ndi yosabvuta ngati munthu aipirira. Madzulo mapazi abviikidwe m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, akwecedwe pang'ono pa mwala wosalala kucotsa cikopa cakufa cokha, apukutidwe bwino maka-maka pakati pa zala, ndipo zidendene zipakidwe mafuta olimba ambiri. Wokhala ndi masokosi awabvale pogona. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kusintha kumaoneka.

Pali ena amene amasenga mang'a ndi lezala, ena amawasoka ndi singano, ena amathiramo palafini, mafuta a galimoto kapena phula lotentha la kandulo. Zonsezi zimakulitsa bala ndi kuocha mnofu wamoyo. Dothi la m'munda ndi ndowe za ziweto zimasunga tizilombo ta kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada imene imapha, ndipo timalowera pa bala lakuya. Wodwala shuga ayenera kusamala koposa onse, pakuti mapazi ace samva kuwawa msanga ndipo zilonda zace zimacedwa kupola. Iye asagwiritse lezala konse, asaothetse mapazi pa moto, ndipo aziyang'ana pansi pa mapazi ace tsiku liri lonse.

MAKANDA NDI ANA

Mwana akabadwa amakhala ndi mafuta oyera pathupi, amene ena amafulumira kuwatsuka poyesa litsiro. Mafutawo amateteza khungu ndi kusunga kutentha, ndipo bungwe la World Health Organization limalangiza kuti khanda lisasambitsidwe kufikira patapita maola 24 cibadwire. Pambuyo pace, m'nyengo ya cisanu, khanda lisambitsidwe dzuwa litakwera, pa malo osapita mphepo, ndi madzi amene mai wayesa ndi cigongono. Mafuta ace akhale opanda pfungo, ndipo pa mcombo umene sunapole pasapakidwe ciri conse kupatula mankhwala amene a cipatala apereka. Matewera ndi nsaru zace zitsukuluzidwe bwino kuti sopo asatsalemo.

Mwana wa cikanga afunika kudzozedwa kawiri kapena katatu pa tsiku, ngakhale masiku amene zidzolo zazilala. Zikhadabo zace ziwengedwe kuti asadzikande mpaka magazi, ndipo juzi yaubweya isakhudze thupi. Pansi pace abvale malaya a thonje. Mafuta a nshawa asapakidwe pa khungu long'ambika la mwana wotere, pakuti pali ana ena amene thupi lao limadana ndi nshawa.

MAFUTA NDI MOTO

Cenjezo ili ndi la nyumba iri yonse imene imaotha nkhuni kapena mbaula. Mafuta odzola amalowerera m'citenje, m'masokosi ndi m'bulangeti, ndipo nsaru yotero ikagwidwa ndi moto imayaka msanga ndi mwaukali. M'caka ca 2018 bungwe lomwe lija la ku Britain linalengeza kuti ngozi imeneyi ikhudza mafuta odzola a mitundu yonse, ndi kuti kucapa kumacepetsa mafuta m'nsaru koma sikuwathetseratu. Motero wodzola akhale patali ndi malawi, asasute fodya pa mphasa yogonapo, ndipo koloboyi kapena kandulo zikhale kutali ndi zofunda. Ana, okalamba ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pa moto. Mbaula isagone m'nyumba yotseka, pakuti utsi wa makala wosaoneka umapha anthu ali m'tulo.

MAFUTA OYERETSA KHUNGU

M'misika mumapezeka timacubu ndi timabotolo tolonjeza nkhope yosalala ndi yoyera. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi hydroquinone, kapena mercury, kapena mankhwala amphamvu amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka cabe pa nthenda yodziwika. Wodzola miyezi yambiri khungu lace limapyapyala, limacita mizere ndi ziphuphu, limapsa ndi dzuwa, ndipo potsiriza masaya amada koposa kale. Mercury amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba kapena woyamwa. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, ndipo mu 2013 maiko anapangana pangano la Minamata locepetsa mercury, kuphatikizapo wa m'zodzola. Khungu lotuwa ndi cisanu lifuna mafuta wamba, ndipo mafuta oyeretsa amangoonjezera kuuma.

Anthu acialubino ali ndi cosowa cina. Vaseline amafewetsa khungu koma sateteza ku dzuwa, ndipo dzuwa la June limaocha ngakhale mphepo ikuzizira. Iwo afunika mafuta apadera oteteza ku dzuwa, cipewa ca mlomo waukuru ndi malaya a manja atali caka conse, ndipo kacilonda kali konse kosapola kaonetsedwe kucipatala msanga, pakuti khansa ya pakhungu imayamba motero.

SI KUTUWA KONSE KULI CISANU

Pali matenda amene amabisala m'nyengo yino, anthu nkumati ndi mphepo cabe. Kuyabwa kokula usiku, kogwira anthu angapo m'nyumba imodzi, kokhala ndi tizilonda pakati pa zala, kawiri-kawiri ndi mphere, ndipo banja lonse liyenera kulandira mankhwala pamodzi. Mawanga ozungulira othothola tsitsi m'mutu mwa mwana ndi zipere. Banga lotumbuluka limene silimva kukhudza kapena kulasa lingakhale khate, nthenda imene imacira ndi mankhwala operekedwa ulere, ndipo wofulumira kucipatala sapunduka.

Ina ndi nthenda imene madokotala amaicha pellagra, yobwera pamene banja lidya nsima ya cimanga yokha popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada, kukhakhala ndi kusupuka pa malo opsa ndi dzuwa okha: kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi kuzungulira khosi ngati mkanda. Wodwalayo amatsegula m'mimba, ndipo nthenda ikakula mutu umasokonezeka. M'caka ca 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali ku Malawi anadwala nthendayi, nshawa zitasowa pa cakudya cimene anali kulandira. Mafuta odzola sangaiciritse. Mankhwala ace ali kucipatala, ndipo citetezo cace ciri m'mbale: nsomba, nshawa, nyemba, nyama ndi ndiwo zamasamba. M'caka ca cilala, banja la msodzi lisagulitse nsomba zonse.

Munthu apite kucipatala ngati mng'alu watupa, ukutentha kapena ukutuluka mafinya, ngati mwanabere watuluka m'mphecepece kapena m'khwapa, ngati thupi latentha, kapena ngati wadzola bwino kwa milungu iwiri kapena itatu popanda kusintha. Kuyabwa kwa thupi lonse kosatha, pamodzi ndi kuonda kapena kufooka, kufuna kupimitsa magazi. Poyambira ndi pa cipatala caching'ono ca pafupi, ndipo a za umoyo akaona kuti bvuto lakula amatumiza wodwala ku Boma kapena ku cipatala ca Mishoni ku Katondwe.

Ulendo wocokera ku Kavalamanja kupita ku Katondwe umadya ndalama ndi masiku a nchito, pamene kacitini ka mafuta kamagulidwa ndi mtengo wa nsomba zowerengeka. Aphunzitsi amene amaona ana m'mawa uli wonse, anyakwawa pa misonkhano yao, ndi a makomiti a za umoyo m'midzi angathandize kwambiri pokumbutsa mabanja kugula kapena kuyenga mafuta m'mwezi wa May, mphepo isanalimbe, ndi kupitiriza kudzola mpaka mvula yoyamba itagwa, pakuti cisanu cikatha mu August mpweya wa m'cigwa umakhalabe wouma kufikira November.